Mwala Umene Lufina Anatola ku Fiyodi

Inu a ku Bembeke mumadzitama kuti kuzizira mumakudziwa, ati chifukwa mu Juni mame amauma pa udzu. Khalani chete kaye, sonkhezerani motowo, ndikuuzeni za kumene kuzizira kunabadwira, kumene Lufina, mwana wa mayi Nachisale, anapita kukatenga mlongo wake.

Mlongo wakeyo anali Yotamu, woyamba kubadwa m'nyumbamo. Anali kamunthu kakafupi, kopepuka miyendo, kosatha kukhala duu. Ankayenda ngati pansi pakutentha, ndipo asanafike pakhomo mumayamba mwamva mluzu wake, womwe ankaitanira mbuzi ali mwana: kawiri modukiza, kenako kamodzi mokoka. Mutu unali wakuthwa, moti anapeza mwayi wopita ku Norway kukaphunzira ulimi wa nsomba. Pa tchuthi ankagwira ganyu pa makola a nsomba oyandama pamadzi. Tsiku lina m'nyengo yozizira anaterereka pa boti n'kugwa. Anzake anamuona akulowa m'madzi, koma kutuluka sanamuonenso. Anamufunafuna mpaka anatopa. Kuno kunangobwera foni.

Maliro opanda mtembo ndi ovuta, abale. Amalume ake, bambo Chidzanja, anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, anthu anaimba n'kukaliika m'manda monga mwa mwambo. Koma mayi Nachisale anakana zonsezo. Anati iwo sanabereke nthochi. Tsiku lometa litafika anamanga duku n'kukhala pansi, ati tsitsi lawo siligwa mpaka mwana wawo atafika. Anatumiza munthu ku Dedza kukagula bulangete latsopano lochindikala, analipinda bwinobwino n'kuliika kumutu kwa mphasa yawo, osalifunda. M'mawa uliwonse nkhani inali imodzimodzi: amulota, wanyowa, akunjenjemera, akufuna khomo koma sakuliona. Kudya kunali kongolawa. Pamene chaka chimatha, mayi amene ankasenza okha thumba la kachewere anali atatsala mafupa okhaokha.

Lufina anali namwino, ndipo ankadziwa bwino kuti matenda amenewa alibe jekeseni. Amayi ake amapita iye akuona. Ndiye pamene mayi wina wachikulire wa kumeneko, amene Yotamu ankakhala kwawo, anamuitana kuti akaone malowo, Lufina sanafunse kawiri. Chiphaso chinavuta kutuluka, abale anasonkherana mpaka kugulitsa ziweto, ndipo aliyense ankadziwa kuti ulendo wotere subwera kawiri pa moyo wa munthu.

Atatsala pang'ono kunyamuka, bambo Chidzanja anamutengera kuseri kwa nyumba.

"Ukafika pamene anagwerapo, utole mwala wa m'mphepete mwa madzi," anatero. "Umuitane pomutchula dzina. Wamva? Dzina. Umuuze kuti tiye kumudzi. Ukatembenuka usacheukenso, ngakhale umve chiyani, ndipo mwalawo ukatoledwa sutayidwa. Paliponse powoloka uzimuuza kuti tikuwoloka, angasochere."

Lufina anavomera ndi mutu. Zinaoneka zophweka. Amayi ake anamufumbatitsa kathumba ka mtedza wokazinga, ati mwanayo adzadye panjira.

Za ndege ndi sitima sindikamba, mungagone. Ndiyambire pamene anakwera boti lalikulu lonyamula alendo, limodzi ndi mayi uja amene anadzamuchingamira. Dzina lawo anali mayi Gunvor, nkhalamba yaitali yowongoka ngati mtengo wa bulugamu, imene inapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ankalankhulana m'Chingerezi.

Malo amenewo eni ake amawatcha fiyodi. Ndi nyanja yamchere imene inalowa m'kati mwa dziko, yopapatiza, yokhotakhota, ulendo wa tsiku lathunthu. Uku khoma la mwala, ukunso khoma la mwala, kutalika kwake mpaka khosi kuwawa poyang'ana. Pamwamba pa makomawo pali poyera mbee ndi madzi oundana, ndipo timitsinje timagwa kuchokera kumeneko, tikumveka ngati mvula yakutali imene sifika. Madzi ake sali ngati a kwathu kuno. Ndi obiriwira mwakuda, osalala, osagwedezeka, moti ukawayang'ana umayamba ndiwe kuphethira. Alendo ena m'botimo ankathamangira uku ndi uku ndi mafoni, akujambula, akuseka. Lufina anangogwira chitsulo n'kumaganiza kuti mlongo wake ali pansi pa zimenezi.

Uphunzitsi sutha mwa munthu. Mayi Gunvor anayamba kufotokoza osafunsidwa. Anati kalekale, anthu asanakhaleko, dziko lonselo linakwiririka ndi madzi oundana, ochindikala kuposa mapiri. Madzi oundanawo ankayenda, pang'onopang'ono, munthu osaona, kutsata zigwa kulowera ku nyanja, atamata miyala kumimba kwake. Ndi miyala imeneyo ankapala chigwa, kupala, kupala, zaka zosawerengeka, mpaka pansi pake panazama kupitirira pansi pa nyanja yapafupi. Pamene mphamvu zinawathera, kukamwa kwa chigwacho, anatula miyala ndi dothi zonse zimene anakokolola, n'kusiya mtumbira waukulu wopingasa. Kenako kunafunda, madzi oundana anasungunuka, nyanja inalowa kudzera pamwamba pa mtumbirawo n'kudzaza chigwa chonse.

Anamulozera pamene anali atangodutsa kumene, pamene madzi amasintha mtundu. Anati apo m'posaya, koma kuno m'kati kuzama kwake n'koopsa. Lufina atamva kutalika kumene anatchula, anaona kuti mutaponyamo phiri la Dedza lonse, nsonga yake singaoneke.

"N'chifukwa chake madzi a pansi satuluka kawirikawiri," anatero mayiwo. "Mtumbira uja umawatsekera. Chimene chamira muno chimakhala muno."

Atanena mawu amenewo anazindikira amene akumuuza. Anangomugwira dzanja.

Atayenda pang'ono, Lufina anaona kanyumba kamatabwa kali pa shelefu ya mwala, m'mwamba mwenimweni, kopanda utsi. Anafunsa kuti munthu angakhale bwanji pamenepo. Mayi Gunvor anati kale ankakhalapo, ankalima ndi kuweta, ndipo ana ankawamanga chingwe m'chiuno ngati mbuzi kuti asagwe. Zingwe zina zinkaduka. Anamuonetsanso chipsera chachikulu choyera pa khoma, pamene mbali ya phiri inagumuka m'masiku a agogo awo, n'kugwera m'madzi, mafunde ake n'kusesa mudzi wonse anthu ali mtulo. Nanga asodzi amene sanabwerere, amenewo angawerenge ndani? Lufina anamva zonsezi, koma zinalowa khutu ili n'kutulukira linali. Mtima wake unali pa munthu mmodzi yekha.

Anafika kumapeto kwa fiyodi, pa kamudzi ka nyumba zofiira ndi zoyera. Galu wa mayi Gunvor anamulandira ngati mbale, kumununkhiza m'manja, kulira monyong'onyeka. Mayiwo anati galuyu ankagona kumiyendo kwa Yotamu, ndipo chimwalirireni amakhalira kudikira pa khomo la chipinda chake. Pakhonde panapachikidwa nsomba zouma gwa. Mayiwo anaseka pang'ono, ati Yotamu ankazitcha nkhuni, ndipo sanalaweko n'kamodzi komwe.

Chimene chinamusokoneza Lufina chinali chakuti kunja sikunkada. Dzuwa linkabisala kuseri kwa khoma, koma kumwamba kunkangokhala koyera mwaphulusa, ngati m'bandakucha umene wakana kucha. Anaimba foni kumudzi n'kuwauza, ndipo anamva amayi ake chapatali akufunsa kawiri ngati n'zoona. Amalume anati nkhaniyo yawasangalatsa amayiwo, mpaka amwako phala. Paja Yotamu ankaopa mdima kuyambira ali mwana. Mwamuna wamkulu ndithu, koma wosapita kuseri yekha popanda tochi. Foni itatha, mayi Gunvor anamuuza mbali inayo ya nkhaniyo. Anati kuwalaku n'kwa miyezi ino yokha. Nyengo yozizira ikafika, dzuwa silikwera kupitirira makomawa, ndipo kamudziko kamakhala miyezi osaliona. Yotamu ankagona nyale ikuyaka mpaka dzuwa litabwerera. Zimenezi Lufina sanaimbenso foni kuti anene.

Mawa lake madzulo mayi Gunvor anamuperekeza kukanjira ka m'mphepete mwa madzi, mpaka pamene makola a nsomba ankaoneka ngati mphete zoyandama. Anamulozera malowo ndi chibwano, n'kubwerera kuti amusiye yekha.

Lufina anagwada. Miyala ya pamenepo ndi yosalala, yopalidwa kale ndi madzi oundana aja. Anasankha umodzi wotuwa, wokwana m'chikhatho, ndipo kuzizira kwake kunamulowa mpaka m'chigongono. Anayang'ana pamadzi, anatsegula pakamwa, koma dzina linakana kutuluka.

Musamuweruze msanga, inu. Ndani wa ife amene amatchula mkulu wake dzina? Chibadwire Lufina anali asanalitchule, kupatula kamodzi ali kamwana, ndipo tsiku limenelo amayi ake omwewo anamukoka khutu mpaka kufiira. Pa mapepala a boma ankalilemba, inde, koma kulemba si kuitana. Ndiye lero, munthu ndi wamkulu, komanso ndi malemu, iye aime pamadzi n'kumufuula dzina ngati akuitana mwana wakuba mango? Lilime linauma.  Mumtima anati amalume ankatanthauza kuti womwalirayo amudziwe amene akumuitana, basi, ndipo mawu a mlongo wake angawaiwale bwanji?

"Achimwene," anaitana. "Achimwene! Ndabwera. Tiyeni kumudzi, amayi akudikira."

Khoma la kutsidya linabweza mawuwo. Khoma lina la kutali linabwezanso. Kenako kunangoti zii, ndipo ngakhale timitsinje tija tinakhala ngati tasiya kugwa. Mphepo kunalibe, koma pafupi ndi mawondo ake madzi anakwera pang'ono pa miyala, n'kubwerera. Miyala ya pansi pa madzi inalira, monga imalirira munthu akaiponda podzuka atakhala nthawi yaitali.

Lufina anaimirira, anatembenuka, n'kuyamba kuyenda.  Kumbuyo kwake kunkamveka mapazi. Anali olemera, odekha, a nsapato zodzaza madzi: phwa, phwa, phwa. Akaima, nawonso amaima. Mantha anali nawo, koma ndikuuzeni zoona, chimwemwe chinaposa mantha, moti ankalira akuyenda. Kamtima kena kanamunong'oneza kuti Yotamu sankayenda choncho. Iye anakakalipira. Munthu wakhala chaka m'madzi ozizira, mukufuna adumphedumphe?

Atafika pakhomo, galu uja anatuluka akugwedeza mchira. Anafika pafupi, anaima, ubweya wa pamsana unadzuka. Sanauwe. Anabwerera chafutambuyo, mimba ili pansi, n'kukalowa kunsi kwa tebulo, ndipo ngakhale mayi Gunvor anamunyengerera ndi nyama, sanatuluke.

Lufina anagona m'chipinda cha Yotamu. Anaika mwalawo pa mpando, anathira mtedza wa amayi m'kambale n'kuika pambali pake. Tulo panalibe, nanga kunja kuli mbee. Ndiye anayamba kumuuza nkhani za kumudzi: amene anakwatira, amene anamwalira, mbuzi imene inaswa mapasa. Yotamu anali munthu wosatha kumva nkhani osaidula ndi nthabwala, koma m'chipindamo munalibe chodula. Munangolowa fungo, pang'onopang'ono, la phula lomatira maboti ndi la ubweya wonyowa. Mpando unalira kamodzi, ngati wakhalidwa ndi munthu wathupi. Patapita nthawi kunayamba kung'ung'udza kwapansipansi, kwa mawu aakulu aamuna, nyimbo yokoka imene Lufina anali asanaimvepo. Anadzifunditsa kumutu komwe. Anadziuza kuti mwina ndi nyimbo imene achimwene anaphunzira kuno.

M'mawa pansi pa mpando panali chithaphwi. Anaviika chala n'kulawa, anali madzi amchere. Mtedza unali momwe anausiyira, osachokapo n'kamodzi. Koma pakhonde, nsomba zouma zija zinali zitachepa, ndipo chingwe chake chinali chomasulidwa bwinobwino, osati chodulidwa ndi mano.

Mayi Gunvor sanali munthu wokhulupirira za mizimu, ndipo anali atanena kale mwaulemu. Koma m'mawa umenewo anathira khofi mpaka kusefukira m'kapu. Anafunsa Lufina ngati anatsegula wailesi usiku. Lufina anati ayi. Mayiwo anati iwo anamva nyimbo inayake imene agogo awo ankaimba pokumbukira mlongo wawo amene anapita ndi mafunde aja, nyimbo imene masiku ano palibe amaiimba. Anati mwina analota. 

Pa doko, potsanzikana, mayiwo anamukumbatira, koma maso awo ankayang'ana pamwamba pa phewa lake.  Galu anakana kuperekeza.

Tsiku limenelo kunagwa nkhungu, moti makoma aja ankangooneka m'munsi mokha. Lufina anakhala panja, pa benchi yoyang'ana kutsogolo, kuti maso ake asaone kumbuyo ngakhale mwangozi. Mwala unali m'chitenje, pamiyendo. Boti linali lodzaza, ena anali chiimire, koma malo a pambali pake palibe anakhalapo. Mayi wina wonenepa anabwera ndi chikwama chake, anayamba kukhala, kenako anadzuka msanga, anapepesa m'chinenero chawo akuyang'ana m'mwamba pang'ono, n'kuchoka. Sanapepese kwa Lufina. Benchiyo inali yonyowa mbali imodzi.

Anadutsa chipsera choyera chija. Anadutsa kanyumba ka pa shelefu. Kung'ung'udza kuja kunayambanso, pafupi ndi khutu lake, koma tsopano kunali kopepukirapo, ngati kwa munthu amene zinthu zikumuyendera.

Ndiye, makoma atayamba kufupika, kukamwa kwa fiyodi kukuyandikira, anaumva. Unachokera kumbuyo, kutali, pansi pafupi ndi madzi. Kawiri modukiza, kenako kamodzi mokoka.

Kalanga ine!  Mluzu umenewo Lufina anakula nawo, sakanausokoneza ndi mbalame kapena chitsulo cha boti. Unamvekanso, pafupi pang'ono, mofulumira, monga amachitira munthu amene akuthamangira basi ikunyamuka. Ndipo pambali pake, pa benchi, chinthu chija chinali chikhalire, chikupuma pang'onopang'ono.

Ngati achimwene ali kumbuyo, nanga uyu ndani?

Khosi linkafuna kutembenuka lokha, moti anagwira chibwano chake ndi manja. Usacheuke, ngakhale umve chiyani. Mwina awa ndi madzi chabe, akumunyenga kuti acheuke, alande munthu amene wamutenga kale. Mwina ndi iyeyo ndithu, wamva mochedwa, wachokera pansi patali. Ataye mwala? Mwala ukatoledwa sutayidwa. Nanga akataya n'kupezeka kuti wataya mlongo wake kachiwiri? Anatulutsa foni kuti afunse amalume, koma pakati pa makoma aja foni inali ngati sopo. Anayang'ana anthu omuzungulira. Ankadya mabisiketi, akuonetsana zithunzi. Akanapita kwa woyendetsa boti n'kumuuza chiyani, m'Chingerezi chanji? Munthu amene anazolowera kuthamanga ndi mankhwala wina akamakomoka, tsiku limenelo anangokhala, manja ali pachibwano, misozi ikutsikira m'zala.

Mluzu unayandikira ndithu, mpaka kumveka kupuma kwa wouimba. Madzi a kutsogolo anasintha mtundu. Boti linayamba kudzandira, kukumana ndi mafunde a nyanja yaikulu. Anali pamwamba pa mtumbira. Ndipo poti anauzidwa, poti sankadziwa china choti achite, Lufina ananong'ona kuti, "Tikuwoloka."

Pambali pake panatuluka mpweya wautali, wa munthu amene watula katundu.

Mluzu uja unasiya kutsatira. Unaima malo amodzi, ngati munthu amene wafika pa mpanda. Unalira, unaliranso, ukucheperachepera. Pamenepo m'pamene lilime la Lufina linamasuka. Anaimirira, nkhope ikadali kutsogolo, n'kufuula ndi mphamvu zake zonse dzina limene linamukanika dzulo lake.

"Yotamu!"

Azungu anatembenuka, ena anagwetsa mabisiketi. Kutali, m'nkhungu, mluzu unayankha kamodzi, mokoka. Kenako injini inaumeza.

Ulendo wobwerera anauyenda ngati munthu woperekeza mlendo amene sakumudziwa. Sanataye mwala. Pokwera ndege anati tikuwoloka, potsika anati tikuwoloka. Chitenje chinkanyowa, amachifinya, chimanyowanso. Nthawi zina ankadzilimbitsa mtima kuti mwina mluzu uja unali bodza la madzi, ndipo ankagwira ganizo limenelo ngati mwana wogwira chitenje cha amake pamsika. Pa mlatho wa Diamphwe ananena, pa wa Linthipe ananenanso. Mu minibasi munali mothinana monga mwa masiku onse, koma kondakitala sanaike munthu pambali pake, ndipo atafunsidwa chifukwa chake anangokanda mutu.

Kumudzi anthu anali atasonkhana. Amayi a mpingo ankaimba chapansipansi pabwalo, lumo lometera linali litakonzedwa. M'nyumba, mayi Nachisale anali atakhala tsonga pamphasa, koyamba pa miyezi yambiri, atasamba, bulangete lija lili pamiyendo. Nkhope yawo inkawala, abale. Lufina atawaona choncho analakalaka nthaka itang'ambika.

Anagwada n'kupereka chitenjecho ndi manja awiri. Amayiwo anamasula, anafumbata mwalawo, anaubweretsa kumaso n'kuununkhiza monga mayi amanunkhizira mutu wa khanda. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kuwala kuja kunayamba kuchoka pankhope pawo pang'onopang'ono. Panja nyimbo inatha yokha, ndipo agalu a m'mudzi, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, onse anali chete.

"Unamuitana kuti chiyani?" anafunsa, osakweza mawu.

 Lufina anayankha ali chigwadire.

"Ndinati achimwene."

Bambo Chidzanja anavula chipewa, anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kugwira mutu.

"Mwana iwe," anatero. "M'madzi monse muja, ndani amene sanali achimwene a munthu?"

Apo Lufina anaulula zonse: mapazi olemera, mtedza wosadyedwa, mluzu umene unaima pa mtumbira. Analira, anagubuduka, anati abwereranso, akagwada pamadzi paja n'kufuula dzinalo mpaka mawu atatha. Koma aliyense ankadziwa kuti m'khola mulibenso chogulitsa. Amalume anati madzi akatayika saoleka, chatsala n'kuchotsa chinthuchi m'nyumba muno kusanade, akachisiye ku thengo kapena mumtsinje, chisanazolowere.

Mayi Nachisale anakana. Anati iwo ndi amene anamukoka khutu mwanayu, ndiye asamukalipire wina aliyense. Anayang'ana mwala uli m'manja mwawo, madzi akudontha m'zigongono.

"Waitanidwa, wabwera," anatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nayenso wazizidwa."

Anauika pa mpando wa Yotamu, anafunyulula bulangete latsopano lija, limene analisunga chaka chathunthu osalifunda, n'kuliyala pamwamba pake. Amene analipo amanena mosiyanasiyana, koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: bulangetelo silinagone monga limagonera bulangete lofunda kamwala. Mpando unalira kamodzi. Amayi a mpingo anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osatsanzika, ndipo wa lumo analibisa m'thumba.

Kunja kunayamba kuda, kuda kwathu kuno kumene sikuchedwa. Lufina anayatsa nyali n'kuiika pawindo. Amayi ake anamuyang'ana.

"Unati kumeneko sikuda?"

"Miyezi ino sikuda, amayi."

"Nanga miyezi inayo?"

Lufina anayang'ana pansi. Anafuna kunama, koma anali atatopa, ndipo amayi ake ankamudziwa nkhope kuyambira tsiku limene anabadwa. Mayi Nachisale anagwedeza mutu pang'ono. Anagona pamphasa opanda chofunda, m'kuzizira kwa Bembeke, duku lili kumutu, nkhope ili kukhoma.

"Musazimitse nyaliyo," anatero. "Mwina aiona."

Nyaliyo inayaka pawindo usiku ndi usana, mpaka tsiku limene tinakawaika, mvula yoyamba isanagwe.